Ndimaloweza usiku wonse, koma funso likangotembenuzidwa ndimasowa poyambira

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Mchinji ndipo ndimagulitsa m'golosale ya amalume anga. MSCE ndinalemba kale, koma Physics ndinapeza 8, Biology 7, ndiye makirediti sanakwane 6. Chaka chino ndikubwereza maphunziro awiriwa ku open school. Loweruka ndimapitanso ku maphunziro a akaunti okonzekera mayeso a ICAM, bungwe la ma akauntanti m'Malawi muno, ndipo kumeneko kuli phunziro la malamulo a bizinesi. Ndimawerenga mpaka 1 koloko usiku, masiku ena mapazi ali m'beseni la madzi kuti tulo tisandigwire. Tanthauzo la osmosis, la energy kapena la contract ndikhoza kukulakatulirani bwinobwino, koma funso likangobwera mwanjira ina mutu umaima. Debit ndi credit ndiye zimandizunguza kotheratu. Kodi mutu wangawu ndi wouma? Ndisiye china? Mnzanga akuti pali munthu wogulitsa mapepala a mayeso pa WhatsApp, ndipo ndayamba kuganizira zomupeza."

Mchemwali wanga, khazikani mtima pansi. Munthu wa mutu wouma sangasunge golosale. Inu tsiku lililonse mumawerengera chenji chamumtima, mumadziwa mapaketi a shuga amene atsala musanayang'ane pashelefu, ndipo mumakumbukira amene anatenga sopo pangongole Lachiwiri lapitali. Mutu umenewo ndi womwewo umene Physics akufuna. Pa zaka zambiri zimene ndagwira choko, kuphunzitsa sayansi masana ndi kusunga mabuku a ndalama madzulo, ophunzira olephera chifukwa chosowa nzeru ndawaona owerengeka. Ochuluka amalephera chifukwa anapatsidwa mawu asanaone zinthu zimene mawuwo akunena.

Mlandu wake si wanu nokha. Sukulu zambiri zoyendera zilibe labotale yogwira ntchito, mabuku ndi ochepa, ndipo mphunzitsi wothamangira kumaliza silabasi amangodzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera. Chingerezi pachokha ndi katundu kale. Ndiye mwana amasunga chiganizo chonse monga mmene chinalembedwera, kuopa kuti akasuntha liwu limodzi chonse chigwa. Olemba mayeso amazidziwa zimenezi. Funso lofuna tanthauzo amalipatsa malikisi 1 kapena 2, koma malikisi ambiri amawaika pamene akufuna kuti mufotokoze chifukwa chake, muwerengere, kapena mugwiritse ntchito mfundo pa nkhani imene simunaionepo. Woloweza amathera pamenepo.

Ndikupatsani funso limodzi loti muziyenda nalo m'maphunziro anu onsewa: chinthuchi chachokera kuti, ndipo chapita kuti? Silimasula mfundo zonse za m'silabasi, koma limatsegula zambiri kuposa mmene mungaganizire, chifukwa mphamvu, ndalama ndi chakudya cha m'thupi zonse sizituluka pachabe ndipo sizisowa pachabe.

Tiyambe ndi akaunti, poti ndi ntchito imene manja anu akuigwira kale. Tinene kuti amalume anatsegula golosale ndi mpamba wa K2,000,000. Ndalamayi yachokera kuti? Kwa mwini bizinesi. Yapita kuti? M'kabati ya golosale. Kumene chinthu chachokera timalemba credit, kumene chapita timalemba debit. Choncho Capital ndi credit, Cash ndi debit. Mawa lake apita kukaoda shuga wa K600,000 n'kulipiriratu. Ndalama yachokera m'kabati, ndiye Cash ndi credit. Yapita ku katundu wogulitsa, ndiye Purchases ndi debit. Kenaka wa holoselo awapatsa mafuta ophikira a K400,000 kuti adzalipire pakutha pa mwezi. M'kabati simunatuluke kanthu, koma katundu walowa. Wachokera kuti? Kwa wa holoselo uja, ndiye dzina lake lilandira credit, ndipo likhala pomwepo kukumbutsa kuti tili naye ngongole.

Tsopano werengani zimene golosale ili nazo: ndalama K1,400,000 ndi katundu wa K1,000,000, zonse pamodzi K2,400,000. Zachokera kuti? K2,000,000 kwa amalume, K400,000 kwa wa holoselo. Ndi K2,400,000 yomweyo. Chiganizo chija munaloweza, chakuti assets ndi capital kuphatikiza liabilities, tanthauzo lake ndi lomweli basi: mbali imodzi ikunena zimene zilipo, inayo ikunena kumene zachokera. Sizingalephere kufanana, pokhapokha wolemba ataiwala mbali imodzi. Njira yolemba chinthu chilichonse kawiriyi ndi yakale kwambiri. Amalonda a ku Italy ankaigwiritsa ntchito kalekale, ndipo Luca Pacioli, katswiri wa masamu, anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494. Mpaka lero mapulogalamu a akaunti a pakompyuta amayendera yomweyo.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi uthenga wa ku banki. Ndalama ikalowa, foni imati akaunti yanu yalandira credit, pamene m'kalasi mwauzidwa kuti ndalama yolowa ndi debit. Onse akunena zoona. Uthengawo ukuchokera m'mabuku a banki, osati anu. Kwa banki, ndalamayo yachokera kwa inu ndipo ili nanu ngongole, ndiye dzina lanu lalandira credit monga analandirira wa holoselo uja. Musamaganize kuti debit ndi chinthu choipa ndipo credit ndi chabwino. Ndi kumanzere ndi kumanja kwa tsamba chabe.

Mfundo zina za akaunti zimene zimamveka zaukachenjede mumakumana nazo m'golosalemo sabata iliyonse. Amalume akatenga paketi ya shuga kupita nayo kunyumba n'kunena kuti "ndi zanga zomwe", mabuku amakana. Bizinesi ndi mwini wake amaonedwa ngati anthu awiri, ndipo shugayo amalembedwa ngati drawings. Imeneyo ndiyo business entity. Lendi ya March ikalipiridwa mu April, imawerengedwabe ngati yowonongedwa mu March, chifukwa nyumbayo munaigwiritsa ntchito mu March: accruals ndi imeneyo. Tsegulani kope lanu la ngongole lija, lamadontho a mafuta m'makona, muone dzina la munthu amene anatenga katundu chaka chatha n'kupita ku Joni osatsanzika. Kupitiriza kuwerengera ndalama yake ngati chuma cha golosale ndi kudzinamiza. Prudence imati ichotseni, muivomereze kuti yatayika. Ndipo kope lomwelo likuphunzitsani chinthu chimene amalonda ambiri amachimva mochedwa, chakuti phindu si ndalama ya m'kabati. Mukhoza kupanga phindu labwino pamapepala koma n'kulephera kukaoda, chifukwa phindulo lili m'matumba a anthu okongola.

Tibwere ku Physics. Mukasita zovala, kutentha kwa ayironi kwachokera kuti? Ku magetsi. Magetsi achokera kuti? Ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene madzi otsika mwamphamvu amazunguza makina. Madziwo ali pamwamba amakhala ndi potential energy, akamatsika imasanduka kinetic energy, jenereta n'kuisandutsa magetsi. Nanga anawakweza pamwamba ndani? Dzuwa, limene linaumitsa madzi kukhala nthunzi, mvula n'kugwa m'mapiri, mitsinje n'kuthira m'nyanja ya Malawi, Shire n'kutenga. Mukatsata ulendo umenewu ndi chala chanu, lamulo lakuti mphamvu sipangidwa ndiponso siwonongedwa koma imangosintha maonekedwe simudzafunikanso kuliloweza. Mudzamvetsanso chifukwa chake madzi akachepa mu Shire magetsi amavuta. Ndipo mukagwira chaja cha foni n'kumva kufunda, dziwani kuti mbali ina ya mphamvu yathawa ngati kutentha isanafike m'batire. Mafunso onse a efficiency agona pamenepo: yalowa yochuluka bwanji, yagwira ntchito imene timafuna ndi yochuluka bwanji, yotsalayo yapita kuti.

Mayunitsi amene mumagula ku ESCOM ndi phunziro la Physics lokwanira. Yunitsi imodzi ndi kilowatt-hour imodzi, kutanthauza chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka kwa ola limodzi. Ayironi ya mawati 1,000 imadya yunitsi imodzi pa ola. Babu la mawati 10 limafuna maola 100 kuti limalize yunitsi yomweyo. Hotipuleti ya mawati 1,150 ikayaka maola 2 yadya mayunitsi 2.3, ndipo poti magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, mukagawa 1,150 ndi 230 mupeza kuti ikukoka ma ampere 5. Usiku uno tembenuzani ayironi kapena ketulo, muwerenge manambala olembedwa kunsi kwake, muwerengere nokha, kenaka muyang'ane pa mita ngati zikugwirizana. Mukatero kamodzi, kusiyana kwa power ndi energy kudzakhala kwanu mpaka kalekale: mawati akunena liwiro limene chipangizo chikudyera, mayunitsi akunena zonse zimene chadya.

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 nalo ndi mphunzitsi wabwino. Makilogalamu 50 ndi mass, kuchuluka kwa chimanga chimene chili m'thumbamo. Weight ndi mphamvu imene dziko likukokera thumbalo pansi, ndipo poti kilogalamu iliyonse imakokedwa ndi ma newton pafupifupi 10, thumbalo likukokedwa ndi ma newton 500. Mutalitengera ku mwezi chimanga chikhala chomwecho, makilogalamu 50, koma kukokedwa kwake kutsika kufika pa ma newton 80 kapena kuposerapo pang'ono. Mnyamata akalikweza m'lole pa msinkhu wa mamita 1.5, ntchito imene wagwira ndi 500 kuchulukitsa ndi 1.5, ma joule 750. Akalikweza m'masekondi 3, power yake ndi mawati 250. Ma joule 750 aja sanasowe, ali m'thumbamo ngati potential energy, ndipo likagwera phazi la munthu ndi pamene amaonekera.

Pali mfundo zina zimene funso langa lija silikwanira, monga lamulo loyamba la Newton. Minibasi ikamanga mabuleki mwadzidzidzi mumagwera kutsogolo, ndipo ophunzira ambiri amalemba kuti pali mphamvu imene yakukankhani. Palibe. Thupi lanu limayenda kale pa liwiro la minibasiyo ndipo likupitiriza ulendo wake. Galimoto ndiyo yaimitsidwa, osati thupi lanu. Apa funso loyenera ndi lakuti, chikukankha kapena kukoka chinthuchi ndi chiyani, ndipo mbali iti? Jambulani chinthucho, ikani mivi. Funso la Physics musamaliyambe ndi kusaka fomula m'mutu. Yambani ndi chithunzi, lembani zimene mwapatsidwa pamodzi ndi mayunitsi ake, sinthani magalamu akhale makilogalamu, mphindi zikhale masekondi, ndipo fomula idzabwera yokha. Malikisi ambiri amatayikira pa kusintha mayunitsi kuposa pa kuiwala fomula.

Biology ndiyo imanyenga kwambiri, chifukwa imaoneka ngati phunziro loloweza mayina. Ndiyankheni ichi: chimanga cha makilogalamu 50 chija chachokera kuti? Pafupifupi kalasi yonse imayankha kuti m'nthaka, ena amati mu feteleza. Koma mlimi amathira matumba awiri a feteleza n'kukolola matumba ambirimbiri, ndipo munda wake sutsika ngakhale pang'ono. M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels anadzala kamtengo mumphika wa dothi loyezedwa, n'kumangokathirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unawonjezera makilogalamu pafupifupi 74, pamene dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti zonsezo zachokera m'madzi, ndipo anapeza mbali imodzi yokha ya choonadi. Mbali yaikulu ya chimanga chouma imachokera mumpweya, mu carbon dioxide amene masamba amakoka, n'kumuphatikiza ndi madzi pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa kupanga shuga wa glucose. Oxygen amatuluka ngati chotsalira. Photosynthesis ndi imeneyo.

Feteleza si chakudya cha mbewu, mbewu imadzipangira yokha chakudya. Urea ali ndi nitrogen wokwana 46 pa 100 aliwonse, ndipo mbewu imafuna nitrogen kuti ipange mapuloteni ndi chlorophyll, chobiriwira chija chimene chimagwira kuwala. N'chifukwa chake chimanga chosowa feteleza chimachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi, ndipo chikatero chimalephera kupanga shuga wokwanira, chitsononkho n'kuchepa. Onani kuti mayankho atatu a mayeso atuluka pa mfundo imodzi.

Tsatirani shugayo. Wasungidwa m'njere ngati starch, wagayidwa, waphikidwa nsima, mnyamata wokweza matumba uja wadya. M'kamwa ndi m'matumbo starch waphwanyidwa kubwerera ku glucose, walowa m'magazi, wafika m'maselo a minofu, ndipo kumeneko, pamodzi ndi oxygen, watulutsa mphamvu, carbon dioxide ndi madzi. Imeneyo ndi respiration, ndipo musaisokoneze ndi kupuma, kumene ndi kulowetsa ndi kutulutsa mpweya chabe. Ma joule 750 okwezera thumba aja achokera mu nsima, nsima yachokera ku dzuwa, monganso magetsi a ku Nkula. Physics ndi Biology zakumana pamenepa. Kumbukiraninso kuti mbewu nazo zimachita respiration usana ndi usiku womwe. Masana photosynthesis imangoiposa. Funso limeneli limagwetsa ana chaka ndi chaka.

Osmosis musaiwerengenso musanaione. Tengani mbatata ya kachewere yaiwisi, dulani tizidutswa tiwiri tofanana, totalika masentimita 5, muyeze ndi rula. Kamodzi ikani m'kapu ya madzi okhaokha, kena m'kapu ya madzi amene mwasungunuliramo mchere wambiri. Pakatha maola awiri tulutsani. Ka m'madzi okhaokha kadzakhala kolimba gwa, mukakapinda kamafuna kuthyoka, ndipo katalikirako pang'ono. Ka mumchere kadzakhala kofewa lobodo, kopindika ngati labala, ndipo kafupika. Madzi achokera kuti, apita kuti? Achoka kumene ali ambiri kupita kumene ali ochepa chifukwa cha mchere, kudutsa pa kakhungu ka selo kamene kamalola madzi koma kamatchinga zinthu zina. Mukaona zimenezi mudzayankha nokha chifukwa chake tomato wothiridwa mchere amatuluka madzi, ndiponso chifukwa chake feteleza wothiridwa pa tsinde penipeni nthaka ili youma amawotcha chimanga: amakoka madzi kuchokera m'mizu. Kabotolo ka iodine ka ku famase nako n'kothandiza. Dontho limodzi pa nsima kapena pa chinangwa limasanduka labuluu wakuda, pa shuga wa m'tiyi silisintha. Popeza mayeso a sayansi ali ndi pepala la practical, manja anu ayenera kuzolowera kuyeza, kulemba zotsatira m'tebulo ndi kujambula girafu.

Malamulo a bizinesi ali ndi khalidwe lawolawo. Kumeneko simungayese ndi mbatata, ndipo mayina ena a milandu muyenera kuwasunga ndithu. Koma mlandu uliwonse ndi nkhani ya anthu amene anakangana, ndipo nkhani sivuta kukumbukira. Ngati mukudabwa chifukwa chake mukuphunzira milandu ya ku England, n'chifukwa chakuti dziko lino linali pansi pa Britain kuyambira 1891 mpaka 1964, ndipo malamulo athu a malonda anamangidwa pa maziko a common law ya kumeneko, malamulo ochokera m'zigamulo za makhoti.

Tengani za offer ndi acceptance, kupereka pangano ndi kulivomera. Mwalakwitsa kulemba mtengo pa botolo la mafuta, mwaika K1,500 m'malo mwa K15,000, kasitomala wabwera nalo pakauntala akuti mumugulitse pa mtengo wolembedwawo. Pa malamulo a contract, katundu wa pashelefu ndi mtengo wake si offer ayi, ndi kuitana anthu kuti abwere adzapereke offer, chimene mabuku amati invitation to treat. Offer amapereka ndi kasitomala pakauntala, ndipo inu mukhoza kuvomera kapena kukana. Makhoti a ku England anagamula zimenezi mu 1953 pa mlandu wa sitolo za mankhwala za Boots. Izi sizikupatsa wamalonda ufulu wonamiza anthu ndi mitengo yabodza mwadala, poti kumeneko kuli malamulo ena oteteza ogula.

Consideration ndi pamene funso lathu lija limabwereranso. Kuti lonjezo likhale contract, payenera kukhala chochokera mbali zonse ziwiri. Amalume akati "ndidzakugulira foni pa Khirisimasi" n'kusintha maganizo, khoti silingakuthandizeni, chifukwa kwa inu sikunachokere kanthu. Koma akati "ukawerenga katundu yense Lamulungu lino ndikupatsa K20,000", inu n'kuwerenga, nkhani yasintha: kwa inu kwachokera ntchito, kwa iwo kuyenera kuchokera ndalama, ngakhale pamapangano a pachibale khoti limafunsanso ngati awiriwo ankafunadi kumangana mwalamulo. Mapangano ambiri a pakamwa ndi contract yokwanira, vuto limakhala umboni. Ena, monga okhudza malo, amafuna zolembedwa.

Mlandu umene simungauzembe ndi wa Salomon, wa mu 1897. Aron Salomon anali wopanga nsapato ku London amene anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Kampaniyo itagwa, amene inali nawo ngongole anafuna kuti alipire iye mwini. Khoti lalikulu la House of Lords linati ayi, kampani yolembetsedwa mwalamulo ndi munthu payokha, ngongole zake ndi zake. Apa chenjerani, chifukwa ophunzira a akaunti amasakaniza mfundoyi ndi business entity ija. M'mabuku a ndalama, golosale ndi amalume timawalekanitsa kuti tiwerengere bwino. Pamaso pa lamulo, ngati sanalembetse kampani ya limited, amalume ndi golosale ndi munthu mmodzi, ndipo wa holoselo akhoza kuwasumira iwo eni, katundu wawo wa kunyumba n'kukhala pachiswe.

Poyankha funso la malamulo, nenani kaye chimene anthuwo akukanganirana, kenaka lamulo lake ndi mlandu ngati mukuukumbukira, kenaka ligwiritseni ntchito pa anthu a m'funsomo powatchula mayina awo, ndipo malizani ndi chigamulo chanu. Gawo lachitatulo ndilo limanyamula malikisi, ndipo ndi limene oloweza amalidumpha. Samalaninso ndi manotsi obwereka kwa amene anaphunzira kalekale. Companies Act ya 2013 inalowa m'malo mwa ya 1984, ndipo mitengo ya msonkho imasintha ndi bajeti ya boma. Lamulo la Newton lidzakhala lomwelo chaka chamawa, koma lamulo la msonkho muzifunsa ngati likugwirabe ntchito.

Tsopano za kawerengedwe. Beseni lija litayeni madzi. Ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira pamene mukugona, ndipo maola amene mumakhala maso ali patsamba mutu uli kutulo ndi otayika kawiri, poti mawa lake m'kalasi mumasinzanso. Ola limodzi ndi theka m'mamawa, mutagona mokwanira, limaposa maola anayi a pakati pa usiku. Pa nthawi imeneyo werengani kagawo kakang'ono, tsekani buku, tengani pepala loyera, mulembe kapena kujambula zonse zimene mukukumbukira, kenaka tsegulani muone zimene zathawa. Zimawawa, chifukwa zimakuonetsani poyera zimene simukudziwa, pamene kubwereza kuwerenga manotsi kumakupatsani chitonthozo chonama chakuti zonse mukuzizindikira. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti zambiri zimene taloweza zimathawa msanga, m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuzibwereza motalikitsa nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Choncho mutu umene mwaphunzira lero muudzifunsenso mawa, kenaka pakatha masiku atatu, kenaka sabata yamawa.

Mfundo iliyonse muifotokozere mng'ono wanu wa ku pulayimale m'Chichewa, buku lili lotseka. Pamene mwakakamira n'kuthawira ku chiganizo cha m'manotsi, pamenepo ndiye simunamvetse. Mukatha, ilembeni m'Chingerezi ndi mawu ake enieni a phunzirolo, chifukwa wochonga mayeso amafuna mawu amenewo. Mapepala a mayeso a m'mbuyomu muziwalemba ndi wotchi patsogolo, ndipo mukhale ndi kope lapadera lolembamo mafunso amene mwalakwa ndi chifukwa chake mwalakwa. Kope limenelo lidzakuthandizani kuposa buku lililonse mwezi womaliza.

Mwafunsa ngati musiye china. Maganizo anga ndi akuti katunduyu wachuluka: golosale tsiku lonse, sayansi ziwiri madzulo, akaunti ndi malamulo Loweruka. Musasiye kotheratu, koma musanje. MSCE imabwera kamodzi pa chaka, pamene mayeso a ICAM amalembedwa koposa kamodzi, ndiye n'zotheka kuchepetsa mapepala a akaunti amene mulembe ulendo uno, kapena kuwasunthira ulendo wotsatira, miyezi itatu yomaliza n'kuipereka ku Physics ndi Biology. Koma yambani mwadzifunsa kumene mukupita. Ngati mtima uli ku unamwino kapena maphunziro ena a zaumoyo, sayansi ndiye khomo lake ndipo iyenera kukhala patsogolo. Ngati uli ku akaunti, pitani kapena imbani ku sukulu imene mukuifuna, mufunse makirediti amene amafuna ndi mmene amawerengera magiredi a zaka zosiyana, kuti musamavutike ndi phunziro limene silikufunika pa njira yanu. Mukambiranenso ndi amalume, mwaulemu koma momveka, kuti miyezi ya mayeso muziweruka msanga.

Za munthu wa pa WhatsApp uja, ndikukupemphani ndi mtima wonse, musamuyandikire. Ambiri mwa iwo amagulitsa mapepala abodza, ndalama yanu ipita ndipo masiku omaliza mudzawathera pa mafunso amene sadzabwera. Akakhala enieni ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa kupezeka ndi likasa ndi mlandu wa kupolisi ndipo zotsatira zanu zimafafanizidwa. Kumbukirani 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana a dziko lonse n'kulembanso kumayambiriro kwa 2021, osalakwa omwe.

Pali pamene muyenera kufuna thandizo la munthu wina. Ngati mukamalemba Physics mumakakamira pa kusuntha zilembo mu fomula, pa mafulakishoni kapena pa madesimo, vuto ndi masamu a Fomu 1 ndi 2, ndipo mphunzitsi wa masamu akhoza kulikonza m'masabata ochepa. Musachite manyazi kubwerera m'mbuyo. Pemphani aphunzitsi anu a ku open school akupezereni mpata wolowa mu labotale ya sukulu yoyandikana nayo musanalembe practical. Tsimikizani nokha kuti dzina lanu ndi maphunziro anu zalembedwa molondola ku MANEB, ndipo sungani umboni wa malipiro onse, chimodzimodzinso ku ICAM. Ngati zilembo zimachita mbuu, maso amatuluka misozi kapena mutu umapweteka mukawerenga pang'ono, kayezetseni maso. Ngati mumatopa msanga, kuchita chizungulire kapena mtima kuthamanga mukangoyenda pang'ono, pitani kuchipatala akaone kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi n'kofala kwa atsikana ndipo kumafooketsa mutu. Nkhawa ikafika pokulandani tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masabata angapo, kapena mukayamba kuganiza kuti moyo ulibe phindu, musadikire mayeso athe: uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira ndipo muonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Ndipo golosale ikadzakhala ndi mkangano weniweni wa ngongole, lendi kapena msonkho, manotsi a Loweruka asakhale loya wanu. Funsani loya, a Legal Aid Bureau kapena akauntanti wovomerezeka.

Sabata ino chitani zitatu zokha: dulani mbatata ija, werengerani mayunitsi a ayironi, ndipo malonda a tsiku limodzi a m'golosale muwalembe m'ma T-account, debit kumanzere ndi credit kumanja, mpaka mbali ziwiri zifanane. Pakatha mwezi mundilemberenso, munditumizire funso limodzi limene lakukanikani pamodzi ndi yankho lanu lolakwikalo monga mmene munalilembera, osalikonza, kuti tidzaone limodzi pamene panathawira njira.